Dzanja Lamanzere la ku Kalimanjira

Kamvanthaka anali makina aakulu ngati mtondo, oyenda ndi miyendo isanu ndi umodzi. Ankatumiza kaphokoso pansi n'kujambula zonse zogona m'nthaka, osasuntha ngakhale kamwala. Ankawerenga mpaka zipsera za khasu m'makoma a dzenje, n'kunena kutalika kwa munthu amene anakumbayo ndi dzanja limene ankagwirira. Anawapanga ndi mwana wathu, Dokotala Ndaziona Kamwaza, m'chaka cha 2141. Osati kunja ayi, konkuno ku Dedza!

Mwezi wina Ndaziona ankafufuza bwinja la Kalimanjira, mudzi wa osula zitsulo umene unatha zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo ndi mliri wa makoswe, wobwera ndi amalonda a mikanda. Mabuku ankati anthuwo anathawa, n'kusiyira afisi abale awo. Bodza lamkunkhuniza! Makina anapeza manda 314, ndipo alionse anali ndi kachipinda kam'mbali kogonekamo mtembo kuti dothi lisaugwere kumaso. Manda oyamba anakumba ndi amuna khumi ndi awiri. Kenako asanu, kenako awiri. Manda makumi anayi omaliza anakumba ndi munthu mmodzi wamanzere, ndipo mafupa ake anali pambali pa dzenje losamaliza, khasu lili m'manja.

Lachinayi m'mawa uthenga unafika: bambo Chikakwiya amwalira. Iwowa anali mdzukulu womaliza m'dera lonselo, wokumba manda ndi manja, ndipo ndi amene anaika mayi ake a Ndaziona. Ntchitoyo tsopano inali ya maloboti, okumba dzenje lowongoka m'mphindi khumi, lopanda kachipinda. Mkuluyo anali atapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chitsulo chisadzamukumbire.

Ndaziona anapeza loboti itaima kale kumanda, amuna atazungulira, manja m'matumba.

"Zimitsani chimenecho, bambo Lunguzi," anauza mng'ono wa malemuyo. "Achimwene anu anakana."

"Ndikudziwa, mayi, ndipo mtima ukundiwawa. Koma ife achibale sitikumba. Enawa khasu amangolionera pa kanema."

Amunawo anayang'ana pansi. Manyazi bwanji!

"Ndikumba ine," anatero Ndaziona.

"Inu? Chilengedwere dziko, mkazi sanalowepo m'dzenje la manda," anatero bambo Lunguzi.

Ndaziona sanakangane nawo. Anayatsa kachipangizo ka pamkono pake, ndipo chithunzi cha mafupa aja chinaima m'malere, anthu onse akuona.

"Uyu anaika anthu makumi anayi yekhayekha, mliri uli pakhomo. Yang'anani chiunochi. Anali mayi, anabereka ana. Amuna atatha anatola khasu, ndipo palibe mmodzi amene anamumana kachipinda."

"Mayo ine," anatero bambo Lunguzi chapansipansi. "Nanga iyeyo anamuika ndani?"

"Palibe."

Kenako mayi Nasimango, wogulitsa tomato m'mudzimo, anamanga chitenje m'chiuno n'kufuula: "Tabweretsani makasu a malemu, inu! Tiima mpaka liti?"

Anakumba asanu ndi awiri, amayi okhaokha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Manja a Dokotala anatuluka matuza, matuza anaphulika, iye osasiya. Pofika pa kachipinda, bambo Lunguzi anagwada m'mphepete akulira, n'kumawalangiza mmene achimwene awo ankachitira. Bambo Chikakwiya anagona monga anafunira, dothi silinawakhudze kumaso.

Loweruka amayi omwewo anakwera ku Kalimanjira, akuimba, n'kukamaliza dzenje losamaliza lija. Wamanzereyo anamugoneka m'kachipinda kakekake.

Ndaziona anapanga makina aja kuti akonze mabuku a mbiri basi. Koma lero pitani m'midzi ya kuno mukaone: maliro akagwa, amayi ndi amene amatsogola ndi makasu, amuna akuthamanga pambuyo kuti asasekedwe. Ine ndimanyada nazo, sindibisa. Mliri unatha mudzi wonse, koma unalephera kuphunzitsa mayi mmodzi kutaya munthu ngati chinyalala.