Chijasi cha Chrispen

"Kodi mumagona bwanji m'chipinda chimenecho?" Mai Marjory, eni nyumba, adamufunsa Aida tsiku lina pampopi.

Aida adangoti amagona. Chimwalirireni mwamuna wake Chrispen kumgodi, palibe chinkamufika pamtima. Ngakhale tiyi ankangomumva ngati madzi.

Zidayamba zovala za malemu zitagawidwa kwa abale. Mukabati yachitsulo mudatsala mahang'ala a waya okhaokha. Madzulo ena, magetsi atangobwera, kabatiyo idayamba kung'ung'udza chapansipansi, kenaka mahang'ala n'kumagundana pang'onopang'ono, ngati munthu akusankha malaya mumdima. Mawa lake idalira kwambiri mpaka chitseko chake chidatseguka chokha. Bedi, mapoto ndi zenera zidali zii. Phokosolo linkadutsa khoma, ndipo ku Aerodrome, komboni kumene ankakhala, kudamveka zoti Chrispen akufuna zovala zake.

"Sindikukuthamangitsani, asikana," Mai Marjory adanong'oneza, "koma ana anga sakugona. Zikapitirira mwezi uno, mufune kwina."

Kwinako kudalibe, ndipo Aida adali ndi mwana kumsana.

Loweruka kukuda kudabwera Sekuru Chikaipa, nkhalamba ya ku Dedza imene idakalambira pa zigayo zoswa miyala ya golide. Adavala chijasi cha Chrispen. Tsiku logawa zovala, Aida adawaona akunjenjemera ndi kuzizira kumapeto kwa bwalo, n'kuwapatsa chijasicho ngakhale sadali m'bale.

Adakhala pansi. Magetsi adabwera, kabati idayamba. Sekuru adagwira simenti ndi chikhatho.

"Tagwirani apa, mwanangu."

Pansi pankanjenjemera pang'ono kwambiri.

"Ndi chigayo cha makorokoza, okumba golide aja, kuseri kwa phiri. Chimadzuka ndi magetsi."

"Nanga bwanji kabati yokha, Sekuru?"

"Chinthu chilichonse chili ndi kanjenjemeredwe kake. Mukachigogoda kamodzi chimalira n'kuleka. Koma china chikamachigwedeza mogwirizana nacho, zili ngati mwana pakatungwe: mumangomukankha ndi chala panthawi yake, iye n'kumakwera. Kabati yanu yakumana ndi mnzake."

"Kale sinkatero."

"Kale idali yovala."

Adavula chijasi chija, n'kuchikoleka pakati pa mahang'ala, manja a chijasicho atakhudza zitsulo za m'mbali. Kulira kuja kudatsika, kudatsikabe, mpaka kudatheratu. Pansi pankanjenjemerabe, koma m'chipinda mudangotsala mpweya wa mwana wogona.

Kuseri kwa khoma kudamveka mawu a Mai Marjory: "Zasiya?"

"Zasiya, mai."

Aida adayang'ana chijasicho chitalendewera pamalo pake penipeni, mapewa ake akadali ndi maonekedwe a mwini wake. Bata limenelo lidamulemera kuposa phokoso lija, pakuti tsopano m'chipindamo mudalibenso wosankha malaya.

"Sekuru, kunjaku ndi Juni. Muzizidwa."

"Ndafunda mokwanira," adatero.

Adatuluka ndi malaya okha, manja atawapinda m'khwapa, n'kutseka chitseko mosamala kuti asadzutse mwana.