Repu Wopopera Lachisanu

Eliness Njobvu anafika ku dimba lake, m'mudzi wa Shamutinta, nthawi ya hafu pasiti faifi m'mawa. Linali Loweruka, pa 14 Sepitembala 1996. Atangolowa pa chipata cha mpanda wa udzu, anaima chilili. Mabedi asanu ndi limodzi a repu anali atametedwa mpala. Kunangotsala ziputu.

"Ba Yoram! Bwerani muone!"

Yoram, mwamuna wake, ankabwera pambuyo atanyamula makeni othirira. Anali munthu wosathamangira kanthu ngakhale nyumba itapsa. Koma atangoona mabediwo, makeni anamupulumuka, iye n'kukhala pansi pamatope.

"Atibera, imwe mukhala pansi?" anakalipa Eliness.

"Amake Obby, uja repu ninapopera dzulo madzulo."

"Munapopera chani? Mankhwala a ndiwo anasila mu Julayi."

"Aja a thonje. Anasalako m'botolo. Nsabwe zinachuluka maningi, manje ninaika zivindikiro zitatu m'malo mwa chimodzi. Ninati nizakuuza m'mawa kuti tisathyole milungu itatu."

Eliness ankawadziwa bwino mankhwala amenewo. Chaka chatha mbuzi ziwiri za neba zinanyambita chitini cha mankhwalawo, dzuwa lisanalowe zinali zitauma. Mlangizi wa zaulimi anali atalankhula mpaka mawu kusasa kuti mankhwala a thonje asayandikire ndiwo. Za kuberedwa anaziiwala pomwepo. Repu uja anali pa ulendo wopita m'mapoto a anthu.

Kuseri kwa mpanda kunali mkukuluzi wa matayala a njinga yolemedwa, wolowera ku msewu waukulu. Loweruka ndilo tsiku la msika wa alimi pa Rufunsa, makilomita khumi ndi imodzi kuchokera m'mudzimo. Eliness anathamangira kunyumba, anatenga botolo lija, n'kutulutsa njinga.

"Ukanena ku polisi azanimanga ine," anatero Yoram akumutsatira.

"Akumangeni! Jele ili bwino kupambana maliro."

Njira inali ya zitunda ndi mchenga. Tcheni linaguluka kawiri. Anafika pa polisi ya pa Rufunsa nthawi ikuyandikira eyiti koloko, manja ali bii ndi girisi. Anapeza Konsitebo Levy Mumba akumwa tiyi.

"Repu?" anatero Mumba osaika kapu pansi. "Amai, pano tili na milandu ya ng'ombe."

Eliness sanataye nthawi ndi mawu ambiri. Anatsegula botolo n'kulikhazika patebulo, pafupi ndi tiyi. Fungo linadzaza ofesi yonse. Atafotokoza zimene Yoram anachita, Mumba anadzuka, navala chipewa.

Pa msika panali podzaza. Ogulitsa anali ngati makumi atatu, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi repu. Basi yochokera ku Lusaka kupita ku Chipata inali itangonyamuka, azimayi ogulitsa akubwerera ndi malichero kuchokera m'mawindo. Mumba anafuna kuimba wezulo kuti alengeze.

"Awe, bwana," anamuletsa Eliness. "Kawalala azathawa na thumba, akagulitse kwina. Nilekeni niyang'ane."

"Repu ni repu. Muzamudziwa bwanji wanu?"

Apa m'pamene wapolisi anaphunzira za ulimi. Mwini dimba samweta repu. Amathyola tsamba limodzilimodzi kuyambira pansi, n'kusiya timasamba tanthete ta pakati kuti mbewu ipitirize kukula. Wakuba alibe mawa. Iye uja anamweta ndi chikwakwa, choncho mitolo yake inayenera kukhala ndi timasamba ta pakati tomwe.

Eliness anayenda mzere woyamba, akutembenuza mitolo ngati wogula wovuta. Palibe. Mzere wachiwiri, palibe. Azimayi anayamba kung'ung'udza kuti akuwafotetsera ndiwo. Ankatsatira ndi maso munthu aliyense wochoka ndi mtolo m'manja.

Kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo wa msekese, panali njinga yotsamira ndi thumba lalikulu. Mitolo inali itayalidwa pa pulasitiki, yowazidwa madzi. Eliness ananyamula umodzi. Mapesi anali odulidwa mofanana, timasamba tanthete tili pakati. Atatukula maso, anaona nkhope imene sanafune kuiona. Anali Kingsford Tembo, mwamuna wa mng'ono wake Estina. Chitsime cha m'dimba la Kingsford chinauma mu Ogasiti, ndipo sabata yomweyo Eliness anawapatsa ufa ndi matimati. Zinamupweteka kwambiri.

"Ba mulamu, mwauka bwanji?" anatero Kingsford, akumwetulira ndi mano okha.

"Uyu repu mwamuchotsa kuti?" anafunsa Mumba.

"Ninaoda ku Mpanshya, bwana."

"Kwa ndani?"

"Dzina sinimudziwa. Mudala wina chabe."

"Ba Kingsford," anatero Eliness, "za kuba tizakamba pambuyo. Uyu repu ali na poizoni. Ba Yoram anapopera mankhwala a thonje dzulo madzulo. Mwagulitsa ingati?"

Kingsford anaseka. "Mufuna kuniyofya kuti nivomere? Sindine mwana ine."

Mumba anamugwira pakhosi pa malaya. Anamununkhitsa botolo, kenako anapisa dzanja pansi pa thumba, pomwe madzi sanafike, n'kumununkhitsa tsamba. Kuseka kunathera pomwepo. Kingsford anayang'ana dzuwa.

"Nthawi ili bwanji, bwana?"

"Hafu pasiti naini."

"Nimangeni, bwana. Ni ine ninaba. Koma tiyende kunyumba manjemanje! Ninasiyako mitolo iwiri. Towela anagona na njala, Estina anati azamuphikira m'mawa."

Towela anali mwana wawo wa zaka zinayi. Eliness ndiye anamusambitsa tsiku limene anabadwa.

Mumba anaimba wezulo tsopano. Anapereka thumba kwa tcheyamani wa msika, namuuza kuti alengeze kuti aliyense amene wagula pansi pa msekese abweze ndiwo. Kenako anaima pakati pa msewu n'kuimitsa kavaneti ka wogula makala. Atatuwo anakwera kumbuyo. Kingsford ankamenya denga la galimoto njira yonse, akukuwa kuti dalaivala aponde.

Anafika ku Shamutinta nthawi ya teni koloko itapitirira. Estina anali pakhonde, mwana ali pamiyendo. Towela ankasanza, dovu likuyenderera, thupi lili thukuta lokhalokha.

"Malungo yamugwira mwadzidzidzi," anatero Estina. Kenako anaona yunifomu. "Nanga bakapokola afuna chani?"

"Wadya repu?" anafunsa Eliness.

"Pang'ono chabe. Ine ninati niyembekeze atate ake."

Eliness anagubuduza poto ndi phazi, anakwatula mwana, n'kumupereka kwa Kingsford m'galimoto. Estina anamva nkhani yonse ali m'njira. Sanatukwane, sanalire mokweza. Anangolanda mwanayo m'manja mwa mwamuna wake n'kumufulatira.

Pa chipatala cha mishoni, manesi anathamanga naye mwana. Eliness anawapatsa botolo kuti adokotala aone dzina la mankhwala. Chitseko chitatsekedwa, Mumba anatulutsa unyolo. Anali atadikira dala mpaka apo. Kingsford anatambasula manja yekha.

"Manje niuze bwino," anatero Mumba. "Unagulitsa mitolo ingati?"

"Isanu na iwiri."

"Kwa ndani?"

"Inayi kwa anthu a pa Rufunsa. Itatu pa windo ya basi ya ku Chipata."

"Munthu wa bwanji?"

"Mzimayi. Wa duku yobiriwira. Anali na mwana kumbuyo, na tuwana tuwiri pampando."

Mumba anathamangira ku wayalesi ya chipatala kuti apolisi a pa mlatho wa Luangwa aimitse basiyo. Yankho linabwera patapita mphindi makumi awiri. Basi inali itadutsa kale. Uthenga unapitirira mpaka ku Chipata, koma basi inafika itatsitsa anthu pa Nyimba, pa Petauke, pa Katete ndi m'masiteji ang'onoang'ono osawerengeka. Kondakitala anati azimayi a maduku anali basi yonse.

Mitolo inayi ya pa Rufunsa inabwezedwa isanaphikidwe. Towela anatuluka m'chipatala tsiku lachisanu, wowonda koma wamoyo. Mu Novembala khoti linalamula Kingsford Tembo kukhala m'ndende zaka ziwiri akugwira ntchito ya kalavulagaga. Yoram anadzudzulidwa pamaso pa anthu mpaka anasowa poika nkhope, koma anabwerera kunyumba.

Eliness anazula ziputu zonse n'kuzikwirira m'dzenje. Anabzala repu wina, ndipo mvula isanagwe anayambanso kugulitsa. Koma Loweruka lililonse basi ya ku Chipata ikaima, iye ankasiya ndiwo zake pansi n'kuzungulira mawindo alibe lichero. Ankafunsa makondakitala ndi okwera ngati anamvapo za banja lina kum'mawa limene linadwala litadya repu wa pa Rufunsa. Ena ankamuseka, ena ankapukusa mutu. Anafunsa zaka zitatu. Palibe amene anamuuza kuti ana aja anamwalira, ndipo palibe amene anamuuza kuti ali moyo.