Mwana wa Kuseri kwa Chitseko

Tsilizani atangovala chisoti cha makina ophunzirira, kalasi yonse inasungunuka ngati mchere m'madzi. Madesiki anasanduka miyala ya pamanda, denga linasanduka mitambo yakuda bii, ndipo mphepo yozizira inamulowa m'malaya. Patsogolo pake, pamwamba pa chitunda, panaima chinyumba chamiyala cha mazenera ambirimbiri, onse otseka.

"Mayo ine! Bambo a Ulemu, muli pati?" anakuwa mayi Nankhoma, amene ankaphunzira naye pa sukulu ya akuluakulu ku Chilomoni.

"Ndili pompano, mayi. Taonani nkhunguyi! Ikunyowetsa ndithu ngati yeniyeni!"

Makinawo ankatchedwa mlowabuku. Ankawerenga buku lonse m'kuphethira kwa diso, n'kumanga dziko la m'bukumo m'maso, m'makutu ndi pakhungu pa munthu wovala chisoti. Pamene wolemba sanafotokoze, makinawo ankadzazapo okha pophunzira kwa anthu olowamo. Zisoti za m'masukulu onse zinali zolumikizidwa ku ubongo umodzi waukulu umene unali ku Lilongwe.

Loweruka limenelo m'mawa kunali mayeso. Buku lake linali lakalekale, lochokera ku dziko lozizira, limodzi mwa mabuku oopsa aja a nyumba zamdima ndi mizukwa. Ankalitcha Chitunda cha Akhwangwala. Aphunzitsi awo, mayi Chabwera, anabwereza lamulo mpaka kusasa mawu: lowani awiriawiri, penyani, mverani, koma musakhudze kanthu. Wokhudza walephera, adikire chaka chamawa. Potuluka, aliyense afotokoze tanthauzo la zimene waona.

Tsilizani ankaifuna kwambiri satifiketi imeneyi. Masana ankapukuta magalasi okolola mphamvu ya dzuwa pa madenga a ku Limbe, madzulo n'kuthamangira kusukulu. Akakhoza, khomo la koleji ya uphunzitsi limutsegukira. Anali atamulonjeza kale mwana wake Ulemu, ngakhale khandalo linali lisanamere ndi dzino lomwe.

Atafika pakhomo pa chinyumba chija, chitseko chachikulu chinatseguka chokha, chikulira kuti kwiii.

"Odi kuno!" anatero Tsilizani.

Mayi Nankhoma anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mukuodira mizukwa? Mukufuna ikuyalireni mkeka?"

"Nanga munthu n'kungolowa m'nyumba ya eni ngati mbuzi?"

M'kati makoma ankachucha madzi. Tsilizani ankayenda akuloza uku ndi uku ngati mwana amene wafika m'tauni koyamba.

"Ndi zomwe zija ankanena aphunzitsi! Nyumbayi ndi mtima wa mwini wake. Madziwa ndi misozi imene iye anakana kukhetsa. Nkhungu ija ndi chinsinsi. Akhwangwala ali padengawo ndi antchito ndi anansi, odziwa zonse koma ongopenya."

"Inu mwakhoza kale. Ine ndikungokumbukira kuti bamboyo anali mfiti."

Nkhani ya m'bukumo onse ankaidziwa. Mwini nyumbayo anali munthu wolemera, ndipo mkazi wake anamwalira pobereka. Bamboyo anamuika m'manda mwakachetechete, osauza abale, popanda wolira. Khandalo analida, n'kulitsekera m'chipinda cham'mwamba. Kuyambira pamenepo mzimu wa mayiyo unkayendayenda m'nyumbamo, koma manja ake ankangopyola chitseko ngati utsi.

Anakwera masitepe. Kandulo wa pakhoma anaphethira, ndipo pomwepo anamuona: mayi wovala zoyera, tsitsi lili nyankhalala, mapazi osagunda pansi, akupalasa chitseko ndi zala zosagwira kanthu. Tsilizani anamwetulira.

"Mayi, taonani maso akewo! Anthu opanga makinawa ndi akatswiri, ndithu!"

Kenako kuseri kwa chitseko mwana analira.

Powerenga papepala, Tsilizani ankangodutsapo pa mzere umenewu. Ankadziwa yankho lake: kulirako kukuimira chikumbumtima. Koma makutu ake tsopano anali a bambo. Ulemu anali atamuphunzitsa kulira kwa njala, kulira kwa thewera, ndi kulira kwa matama kongofuna kunyamulidwa. Uku kunali kwina. Kunali kulira kosasa, kodukaduka, kwa mwana amene wayamba kutaya mtima kuti kubwera munthu.

"Bambo a Ulemu, bwezani dzanjalo," anatero mayi Nankhoma. "Si mwana ameneyo, ndi magetsi chabe."

"Ndikudziwa."

"Chaka chathunthu, achimwene. Koleji ija."

"Ndikudziwa, mayi. Koma tamverani, mawu akumuthera."

Anakankha chitseko. Pakona pa diso lake panayaka nyali yofiira ya wolephera, koma iye sanailabadire. Pa bedi lalikulu lafumbi panali kamwana kozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anakanyamula n'kukafungatira pachifuwa.

"Ndibwerekeni chitenje."

Mayi Nankhoma anapukusa mutu. "Mwandiphetsa inu. Basi, tifere limodzi." Anamasula chitenje cha pamwamba, namuthandiza kubereka, nyali yawo n'kuyakanso yofiira. Atatembenukira kwa mzukwa uja, nkhope yawo inasintha.

"Ndiye kuti mayi uyu, mwana wa eni, anapita kumanda ngati nkhuku? Popanda ndi mmodzi yemwe womulira? Anthu ake otani amenewa?"

Anavula nsapato, nakhala pansi tambalale motsamira khoma, monga achitira amayi m'nyumba ya siwa, nayamba kubuma maliro.

"Mwana wa eni iwe, mayo! Wasiya khanda iwe, mayo!"

Mlowabuku anali asanakumanepo ndi zoterezi. Wolemba sanalembe chimene mzukwa ungachite utaliridwa, choncho makinawo anadzazapo okha. Mapazi a mayi woyera uja anagunda pansi. Anayandikira, nasuzumira mwana amene anali atayamba kusinza kumsana kwa Tsilizani, kenako anakhala pambali pa mayi Nankhoma n'kutambalala nayenso. Makoma anauma. Mazenera anayamba kutseguka, phaa! phaa! dzuwa n'kukhuthukira m'nyumba monse, akhwangwala n'kubalalika.

Atavula zisoti anapeza kalasi ili pa chipwirikiti.

"Mzukwa uli kuti?" ankakuwa bambo wina wa kumbuyo. "Ife tapeza amayi akuothera dzuwa pakhonde, mwana ali pamiyendo!"

Foni ya mayi Chabwera inkalira osalekeza. Ku Mzuzu, ku Mchinji, ku Nsanje, konse nkhani inali yomweyo. Ubongo wa ku Lilongwe unali utaphunzira, ndipo buku loopsa lija linali litasiya kuopsa m'dziko lonse.

Aphunzitsiwo anabwera pa desiki ya Tsilizani. "Bambo a Ulemu, lamulo mumalidziwa."

"Eya, aphunzitsi."

"Pepani, palibe chimene ndingachite. Koma tandiuzani, kiyi munamupeza kuti?"

"Panalibe kiyi, aphunzitsi. Ndangokankha."

Mayi Chabwera anatenga buku lapepala, navundukula masamba mofulumira, maso akuwala. "Zoonadi! Wolemba akungoti anatseka. Kiyi sakumutchula pena paliponse. Antchito onse aja ankangoganiza kuti n'chokiya, ifenso owerenga chimodzimodzi!"

Akatswiri a ku Lilongwe anabwezeretsa bukulo mwakale, mwana n'kubwerera m'chipinda chake. Tsilizani atamva, chakudya sichinamulowe. Koma mbiri inali itawanda kale. Sabata yotsatira mlimi wina wa ku Ntchisi anakankha chitseko chija. Akatswiri aja anabwezeretsanso bukulo. Amayi awiri a ku Balaka analowamo atavala zitenje ziwiriziwiri, nyimbo za pamaliro atakonzeratu. Nyali zofiira zinachuluka mpaka bungwe la mayeso linagonja. Linafafaniza zonse, n'kuitana olephera aja kuti adzayankhe funso latsopano: n'chifukwa chiyani palibe amene anatsegula chitseko?

Tsilizani analemba mpaka dzanja kuwawa. Anakhoza. Mayi Nankhoma anakhozanso, ndipo anauza msika wonse wa Chilomoni kuti iwo ndi amene anakhazika mzukwa pansi.

Tsiku limene zotsatira zinatuluka, Tsilizani anathamanga kuchokera pa siteji ya basi mpaka kunyumba. Mkazi wake Esinala ankachapa kuseri. M'chipinda, Ulemu ankalira m'kabedi kamagetsi kodzigwedeza kokha, kamene kankamuimbira nyimbo ndi mawu osalala. Tsilizani anakazimitsa, nanyamula mwana wake.

"Tonthola, amayi anga. Abambo ako akhala aphunzitsi."

Ulemu anamugwira kolala, nakhala chete. Ndipo Tsilizani anadziwa chimene adzayambe kuphunzitsa ana a eni: choopsa m'nyumba si mdima kapena mzukwa, koma kulira kumene aliyense akukumva n'kumaganiza kuti chitseko n'chokiya.