Dzanja Lopanda Wotchi

Wokonza mawotchi anakwatira mkazi wophunzira kuposa iye, ndipo poyamba zinkamukomera. Tsiku la ukwati anamuveka kawotchi ka lamba wofiira, nati, "Mayi, aka musadzavule."

Mkaziyo ankafufuza za tizilombo toyambitsa matenda. Ankasiya timbale tagalasi tosavundikira m'zipinda za odwala, m'makalasi ndi m'ndende, kenako n'kukaona zomwe zamera kuchokera mumpweya. Zolemba zake zinkawerengedwa ndi akatswiri a kutali, ndipo zipatala zingapo zinaboola mawindo atsopano chifukwa cha iye. Mwamunayo ankanyada, ngakhale sankamvetsa kuti munthu angatchuke bwanji powedza mpweya ndi mbale.

Mantha anabwera ndi achemwali ake, mayi woona utsi ngakhale pamadzi.

"Achimwene, zoona mlamu wanga amafika kunyumba atasamba kale?"

"Akuti ndi lamulo la kuntchito, kuopa kutibweretsera tizilombo."

"Hee! Ine ndakwatiwapo kawiri, koma lamulo limenelo sindinalimve. Nanga wandevu uja wa kuntchito kwake, amene amadzitsekera naye m'chipinda, nayenso amasamba?"

Nsanje ndi wamalonda wochenjera: chikayikiro choyamba amakupatsa chaulere, zotsalazo umagula ndi tulo. Wokonza mawotchi anayamba kuwerenga mphindi za mkazi wake. Mkaziyo akachedwa pang'ono, tizitsulo ta mawotchi a eni tinkamupulumuka n'kumagwera pansi. Ankaopa kusiyidwa, ankaopanso kusekedwa, koma koposa ankaopa kufunsa bwinobwino, poti mwina yankho likanakhala loona.

"Sopo ameneyu si wa m'nyumba muno," anatero tsiku lina mkaziyo atangolowa.

"Bambo, ndikuuzeni kangati? Ine ndi mnzanga uja tikufufuza chifukwa chake akaidi ena amadwala chifuwa pomwe ena, opuma mpweya womwewo, matupi awo amadziteteza. Chitseko timatseka kuti tizilombo tisatuluke."

"Kuti tizilombo tisatuluke, kapena kuti ine ndisalowe?"

"Mwayamba kundiopsa, bambo."

"Amene akuopa ndine!"

Lachiwiri masana anatseka shopu yake, koma chitsulo chopingira chitseko anachibisa m'jekete. Mlonda wa pageti la kuntchito kwa mkazi wake ankamudziwa. "Alamu athu! Mwawasowa kale Adokotala?" Iye anangodutsa.

Khonde linali lalitali, lonunkha mankhwala. Miyendo inkafuna kubwerera, koma mawu a achemwali ankamukankha. Anafika pachitseko cholembedwa zofiira kuti osalowa, n'kuchikankha.

M'katimo munali munthu mmodzi yekha, atawerama pamakina oonera tizilombo, atamufulatira. Chovala choyera chofika kumapazi, chipewa, chophimba kukamwa. Mwamuna kapena mkazi? Wokonza mawotchi anachita zomwe amadziwa: anayang'ana padzanja lamanzere. Panalibe wotchi.

"Ndi wandevu," mtima unamuuza.

Anamenya kamodzi kokha. Munthuyo anagwa chagada, timbale tinasweka, chophimba kukamwa chinasendera pakhosi. Panalibe ndevu.

Kukhoti, wandevu anapereka umboni misozi ili chuchuchu. Anati m'chipinda chimenecho salowa munthu ndi wotchi kapena mphete, chifukwa tizilombo timabisala pansi pa lamba. Wapolisi anaonetsa zomwe anapeza m'kabati ya malemuyo: kawotchi ka lamba wofiira, kokulungidwa bwino m'kampango, kakuyendabe, osataya ndi mphindi imodzi yomwe. Mayiyo ankakavula m'mawa uliwonse n'kukavalanso akamaweruka, osanena, poopa kukhumudwitsa mwamuna wake. Achemwali aja tsiku limenelo anadwala mutu, sanabwere.

Woweruza anati akakhale kundende moyo wake wonse.

Atamulowetsa m'chitolokosi, anaona pamwamba pa khoma windo latsopano, simenti yake isanade. Kamphepo kankalowa.

"Uziyamika, mkulu," anatero woyang'anira ndende akutseka chitseko. "Kale muno anthu ankatha ndi chifuwa. Amene anatimenyera nkhondo ya mawindowa ndi mayi wina wofufuza za mpweya."

Munthu amene anakana kukhulupirira mawu a mkazi wake, tsopano amapuma mpweya wake tsiku lililonse. Ndipo mpweyawo ndi wabwino, moti adzakhalitsa.