Kachitsulo ka Zilikwanu

Maud anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Matero, mutu utamuzungulira. Galu wake, Zilikwanu, anali gone pansi pa mpapaya osadya kanthu. Pakhosi pake panali kachitsulo katsopano kosonyeza kuti wabayidwa katemera wa chiwewe.

"Amama, si chaka chatha banamulasa kale? Nanga banabwezelapo chani?"

"Kaya mwana wanga. Ba boma ndiye baziba."

Aphunzitsi ankati mankhwalawo amatha mphamvu m'thupi. Amayi ena a kutchalitchi ankati katemerayo ndiye amapengetsa agalu. Ba Blackson, kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo, anali ndi zawonso.

"Waona manje? Nyeleti ya katemera yachiwiri ni poizoni. Galu wanga Goliati sazapondako uko."

Koma Zilikwanu anadzuka n'kuyambanso kuthamangitsa nkhuku. Maud sanadziwe amene ananena zoona.

Kenaka kunamveka kuti amesenjala a boma akuzungulira, kuwombera agalu opanda kachitsulo. Ba Blackson anabwera kumpanda akunong'ona.

"Iwe Maud, nibwelekeko ako kansimbi. Wako umubise mu nyumba."

Mtima wake unakana, koma munthu wamkulu ungamukanize bwanji? Anamasula kachitsulo kaja n'kupereka.

Amesenjala anadutsa, Goliati anapulumuka. Kachitsuloko sikanabwerere. Patapita masabata, Goliati anayamba zachilendo. Ankatafuna matabwa, dovu lili chuchuchu, ndipo dzina lake sankalimvanso.

Tsiku lina masana Maud akuchokera kusukulu anamva kukuwa pampopi. Goliati anali ataluma kamwana kotchedwa Dingani pamwendo. Azibambo anamukola galuyo ndi waya n'kumumangirira kumtengo. Amake Dingani anasuzumira pakhosi pa galuyo ndipo anapumira m'mwamba.

"Ali na kansimbi, banamulasa uyu. Nizasuka chabe chilonda na mchele."

Ba Blackson anali pomwepo, maso ali pansi. Maud anawayang'ana, kudikira kuti alankhule. Mtsikanayo akanena, ba Blackson agwidwa. Mwina iyenso agwidwa. Nanga ngati katemerayo ndi wabodza, kunenako kuthandiza chiyani? Dingani anali kulirabe, magazi akutsikira kuchidendene.

"Si kake!" Mawuwo anatuluka okha. "Kansimbi ako ni ka Zilikwanu. Ndine ninapasa. Goliati sibanamulase."



"Ba Blackson, ni zoona?" anafunsa amake Dingani.

Ba Blackson anathamangira kwawo, ndipo anthu anayesa akuthawa. Posakhalitsa anatulukira akukankha njinga.

"Kwelani na mwana, amai. Tiyende ku chipatala manje manje."

Njinga itakhota pakona, amayi ake a Maud anamugwira paphewa. Sanamukalipire. Anangomupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kumulandira mabuku.