Eduardo Sanauzidwe Njira

Nkhani iyi inachitikadi, ndipo sinachitike usiku kuti wina anene kuti anthu ankaona zinthu ndi maso a tulo. Inachitika masanasana, mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likufewetsa phula pamsewu. Mwini nkhani ndi Lusia, mtsikana wa digiri yake amene amagwira ntchito yoyendera mijigo m'midzi. Mboni ndi a Swadick, okonza mafoni kuseri kwa msika wa pa boma, munthu wopemphera amene sakonda n'komwe kuikamba. Mayi ake a Lusia nawonso alipo, ngakhale masiku ano salankhula kwambiri ndi alendo.

Lusia anali ndi mlongo wake wamng'ono, Eduardo, yemwe ankaperekeza alendo okwera njinga pa loji ina ku Nkopola. Mlendo wina pobwerera kwawo anamusiyira kachipangizo kolozera njira, kaja amati jipiesi. Kanali kakang'ono ngati sopo wotha theka, komangirira pachiwongolero cha njinga. Pagalasi pake pankaoneka mapu ndi kamuvi. Ukayandikira mphambano kankalira kamodzi. Ukaphonya njira kankalira kawiri, ngati kakukukalipira. Ndipo ulendo uliwonse kankausunga: mzere wofiira pamapu, tsiku lake ndi nthawi yake.

Eduardo ankakakonda, koma sankakakhulupirira pa zonse. Pamsewu wa tala sikankalakwitsa ngakhale ndi phazi limodzi. Koma m'midzi kankatha kukulowetsa m'munda wa chinangwa wa eni ake n'kumaumirira kuti ndi msewu, ndipo dambo la m'dzinja kankaliyesa mtunda wouma. Dzuwa likafika pamutu, galasi silinkaoneka pokhapokha utaliphimba ndi dzanja. Iye ankakonda kunena kuti kachipangizoka kanatengera achemwali ake: sukulu yambirimbiri, koma njira ya kumudzi osaidziwa.

Lole ya mchenga inamugunda Lachitatu lina pa mlambe waukulu umene uli pakati pa Nkopola ndi tauni, azana, kuitanira anthu ku mapemphero a masana, ikumveka pamzikiti wapafupi. Anafera pomwepo. Njinga inangopindika tayala lakutsogolo. Jipiesi sinakalike n'komwe.

Banja lawo linachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, n'kukhazikika kutsidya kwa Shire, m'mbali mwa msewu wa ku Namwera. Anabwera ndi mwambo wa kwawo. Munthu akafera panjira, maliro ake amayambira pamene anagwera, ndipo wachibale amakhala pafupi ndi bokosi n'kumamuuza njira mokweza. Amamutchula dzina, n'kunena kuti apa tikukhota, apa tikuwoloka madzi, mpaka pakhomo. Amati wofa mwadzidzidzi amakhala wozunguzika. Akapanda kuuzidwa, thupi limafika kumudzi, mwini wake n'kutsala.

Ntchitoyi ikanakhala ya amalume awo, a Jose, koma iwo anali chigonere ndi miyendo yotupa. Anaisiya m'manja mwa Lusia, mwana woyamba, atamulongosolera zonse pafoni.

Galimoto yonyamula maliro inali ya ku loji. Munali bwana wa Eduardo, anzake a kuntchito, ndi dalaivala amene ankangoyang'ana wotchi. Lusia anayesa kuganiza momwe angawauzire anthu amenewa kuti abwerere kaye ku mlambe, kenako iye azilankhula ndi bokosi njira yonse. Anachita manyazi, ndipo sanawauze. Galimoto inachoka kuchipatala n'kulunjika kumudzi, iye ali duu, maso pawindo.

Atafika, mayi ake anamugwira dzanja asanayambe n'kulira komwe.

"Wamuuza njira?"

"Ndamuuza, amayi."

Maliro atatha, Lusia anakonzetsa njinga ija n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Jipiesi inamuthandiza kwambiri. Mjigo uliwonse ankauika chizindikiro pamapu, moti m'midzi imene anzake ankasochera iye ankalowa ngati wakomweko. Chimene sichinkayenda bwino chinali kunyumba. Mayi ake anali atasiya kudya. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu ankatulutsa mpando n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, maso kumsewu. Sankalira. Ankangoti mwana uja akuchedwa. Chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri, ndipo kuchipatala sanawapeze ndi matenda.

Tsiku lina Lusia ali kwa Mponda, pamsewu wabwinobwino umene ankaudziwa, azana ya masana inayamba. Jipiesi inalira kawiri. Anaima n'kuphimba galasi ndi dzanja. Kamuvi kanali katatembenuka, kakuloza ku Nkopola. Anaganiza kuti ndi kutentha. Mawa lake zinachitikanso, nthawi yomweyo, iye ali mudzi wina. Mkuja wake anakhala pansi pa mtengo n'kutsegula mndandanda wa maulendo osungidwa, kuti aone ngati kachipangizoka kadzaza.

Maulendo ake onse analimo. Koma munalinso ena amene iye sanayende.

Tsiku lililonse munali umodzi, woyamba mphindi makumi awiri itadutsa 12 koloko. Onse ankayambira pa mlambe. Mzere wa tsiku loyamba unalowera ku Nkhudzi, n'kubwerera, n'kulowanso. Wina unalowa kanjira ka kugombe n'kukathera m'mabango. Ina inafika m'tauni, n'kumazungulira m'tinjira ta kwa Mponda ngati munthu wofunafuna khomo limene analiona kale. Ya masiku omaliza yonse inkafika pamlatho wa pa Shire. Pamenepo inkaima. Panalibe umodzi womwe wowoloka.

Anawerenga. Inali makumi atatu ndi umodzi. Anawerenganso masiku kuchokera Lachitatu lija, ndipo ataona kuti akufanana anasiya.

Lusia si munthu wothamangira kwa asing'anga. Anapita kwa a Swadick. Iwo anaseka pang'ono, n'kunena kuti tizipangizo ta azungu timeneti tikawombedwa ndi dzuwa la kuno timayamba kulota. Anafufuta maulendo onse, anakazimitsa, anakatsekera m'dirowa n'kumuuza kuti abwere mawa madzulo. Mmene ankafika anawapeza atakhala panja pa shopu, kachipangizo kali pabenchi patali nawo.

Anamufotokozera motsitsa mawu. Masana, pamene ankatseka kuti apite kumzikiti, m'dirowa munalira kawiri. Kiyi anali m'thumba mwawo. Atatsegula anapeza galasi likuwala, mzere wofiira ukuyenda wokha pang'onopang'ono, paliwiro la munthu wokankha njinga. Anauyang'ana mpaka swala, mapemphero a masana aja, inawadutsa. Unafika pamlatho n'kuima. Ndipo mushopu monse munkanunkha girisi wa tcheni ndi thukuta la munthu amene wayenda padzuwa.

"Chemwali, tengani katundu wanu," anatero. "Izi si za mawaya."

Madzulo omwewo Lusia anakagwada pafupi ndi mphasa ya amalume ake n'kuulula. A Jose sanamukalipire. Anangoti ankadziwa kale, chifukwa mlongo wawo sakanauma choncho mwana atafika. Anamuuza kuti apite yekha, panjinga yomweyo, nthawi yomweyo. Atape dothi la pa mlambe, alimange m'kansalu, aliike pakaliyala. Asacheuke mpaka pakhomo. Ndipo pa mphambano iliyonse, pamadzi alionse, alankhule mokweza.

"Koma dzina, mwanawe. Usasiye dzina. Msewu uwo wadya anthu ambiri, mtsinjenso chimodzimodzi, ndipo si onse anatengedwa. Onsewo amamvetsera. Ukauza njira osatchula mwini wake, aliyense amayesa ukunena iye."

Mawa lake anafika pa mlambe dzuwa lili pamutu. Pamsewu panalibe galimoto. Mbuzi zinali zitagona mumthunzi, osabzikula. Nyenje zinkalira m'tchire mpaka m'makutu kuwawa. Anatapa dothi, lotentha ngati phulusa, n'kulimanga. Azana inayamba.

Nyenje zinasiya zonse pamodzi.

Jipiesi inalira kamodzi.

"Eduardo," anatero, mawu ake akumveka achilendo. "Ndine Lusia. Ndinakusiya. Tiye kunyumba."

Njinga inatsika pang'ono kumbuyo, monga imachitira munthu akakhala pakaliyala. Lusia sanacheuke. Anayamba kupalasa.

Kamuvi kanaloza kutsogolo, ku tauni. Pa mphambano yoyamba anati, Eduardo, apa tikupitirira. Pa kamlatho ka khwawa louma anati, Eduardo, apa pamadutsa madzi, tikuwoloka. Amayi ena ogulitsa usipa m'mbali mwa msewu anamuyang'ana, koma sanali owadziwa, choncho sanasamale. Fungo la girisi linali naye. Nthawi zina ankamva mpweya wofunda pakhosi, kumbuyo. Mphepo kunalibe.

Anadutsa kwa Mponda bwinobwino. Analowa m'tauni. Dzina sanalisiye paliponse.

Pamlatho wa pa Shire panali podzaza. Akabaza anali ataima m'mbali, amayi a madengu pamutu, ana a sukulu akuweruka. Lusia anatsegula pakamwa kuti alankhule, ndipo nthawi yomweyo njinga yamoto inafika pambali pake n'kuchepetsa liwiro. Anali Naima, mnzake wa ku ofesi, atakwezedwa kumbuyo.

"Iwe Lusia, unati ukudwala. Ndiye ukulankhula ndi ndani wekhawekha padzuwa pano?"

Akabaza awiri anacheuka. Mmodzi anayamba kale kuseka.

"Ndikuimba nyimbo," anayankha Lusia.

Naima anagwedeza mutu, njinga yamoto n'kupitirira. Tayala lakutsogolo linali litakwera kale pamlatho. Jipiesi inalira kawiri. Lusia anawerama ngati akuyang'ana galasi, n'kulankhula mofulumira, milomo osatsegula kwenikweni.

"Apa ndi pamadzi. Tikuwoloka. Tiyeni."

Anazindikira ali pakati pa mlatho kuti dzina sanalitchule.

Anafuna kubwereza, koma mawu anali atatuluka kale. Jipiesi inalira kamodzi. Kenako kamodzinso. Kenako kamodzinso, ngakhale panalibe mphambano. Njinga inalemera. Tcheni chinayamba kulira. Fungo la girisi linalipobe, koma panabwera lina, la matope a pansi pa mtsinje ndi nsalu zonyowa. Kumbuyo kunkamveka mapazi. Ena a nsapato. Ena osavala, onyowa, akumata paphula.

Anthu amene ankakumana nawo sankayang'ana kumbuyo kwake. Ankangomupatukira kwambiri, kuposa mmene njinga imodzi imafunira.

Sanacheuke.

Kutsidya anayambanso kutchula dzina. Eduardo, tikupitirira. Eduardo, apa tikukhota kumanja. Analitchula mokuwa, osasamalanso za anthu. Mapazi sanachepe. Pa kanjira kolowera kwawo analephera kupalasa, anatsika n'kumakankha. Thukuta linkalowa m'maso. Agalu a m'mudzi, amene amauwa ngakhale nkhuku, analowa pansi pa nkhokwe.

Mayi ake anali pampando wawo pansi pa mango. A Jose anali pamphasa pakhonde.

"Eduardo, tafika. Pano ndi pakhomo."

Jipiesi inalira kamodzi, motalika, monga imachitira ulendo ukatha. Kaliyala inapepuka. Mayi aja anaimirira okha, osagwira mtengo, nkhope yawo itamasuka koyamba chichitikire maliro.

"Wafika mwana wanga," anatero. "Walowa."

Lusia anagwetsa njinga n'kukhala pansi pomwepo. Anafuna kulira. Koma mayi ake sanali kumuyang'ana iye. Ankayang'ana kumbuyo kwake, kukanjira, akuyendetsa maso pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja.

"Nanga enawa ndi a kwa yani?"

A Jose anatseka maso.

Mayi ake a Lusia anadya tsiku lomwelo, ndipo thupi linabwerera. Pa zimenezo palibe wotsutsa. Mizere yoyambira pa mlambe inathera pomwepo. Lusia anamasula jipiesi pachiwongolero n'kuiika m'chitini, m'chipinda chosungira makasu. Chichokere Okutobala uja sanaitchajepo, pamene batire lake ngakhale lili latsopano silinkapitirira masiku awiri. A Swadick atamva kuti ikumayakabe anakana kuionanso. Anangoti chipangizo chopanda moto sichingayake, ndipo iwo sakufuna kudziwa zambiri.

Koma imayaka. Dzuwa likafika pamutu, m'chitini mumalira. Lusia anatsegulamo kamodzi kokha. Mizere yofiira tsopano imayambira pakhomo pawo. Wina umalowera ku Namwera, wina ku Malindi, ina imabwerera kumlatho. Imayenda pang'onopang'ono, imayesa mphambano iyi ndi iyo, ndipo pofika madzulo yonse imakhala itabwerera pansi pa mango. A Jose akuti aliyense angathe kuperekezedwa kwawo, bola wina adziwe dzina lake. Lusia wafunsa kwa akabaza, kwa asodzi a pamlatho, kwa akuluakulu a kumzikiti ndi kutchalitchi. Mayina amene wapatsidwa ndi ambiri zedi, ndipo sadziwa kuti ake ndi ati.

Masana alionse mayi ake amatulutsa makapu a madzi akumwa n'kuwandandalika mumthunzi, chifukwa iwo amati mlendo ndi mlendo. Galasi la jipiesi sanaliyang'anepo, ndipo mapu sadziwa kuwerenga. Amatulutsa makapu asanu ndi awiri.

Lusia sanawafunse chifukwa chake. Tsiku limene anatsegula chitini lija, mizere anaiwerenga.