Nthambi ya Sakura Paguwa la Yasuhiro

Mayi Kuramochi ankalowa m'nyumba ya mpongozi wawo ngati munthu wodzafufuza mlandu. Chimwalirireni mwana wawo Yasuhiro, Lachiwiri lililonse ankakwera masitepe a nsanjika zinayi aja, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kulunjika pakaguwa pomwe panali bokosi la mafupa ake otsala atawotcha mtembo, lokutidwa ndi nsalu yoyera. Moni ankabwera pambuyo, ngati wabwera n'komwe.

"Madzi awa ndi adzulo, a Chizuru."

"Ndasintha m'mawa uno, Amayi."

"Ndiye kuti m'mawa wanu umayamba dzulo."

Chizuru ankangowerama n'kukatenga madzi ena. Sikuti analibe pakamwa. Ankadziwa kuti mawu amodzi olakwika akhoza kumutayitsa Kotone, ndipo Kotone ndiye yekhayo amene anamutsalira.

Mwanayo sanali womubala. Mayi ake enieni, mkazi woyamba wa Yasuhiro, anamwalira mwanayo ali ndi zaka ziwiri, ndipo Chizuru anamupeza ali ndi zinayi, akukodzabe pamphasa ndiponso akuopa phokoso la sitima. Anamulera zaka zisanu. Kalata yoti akhale mwana wake pamaso pa boma anailemba kalekale, koma mayi Kuramochi anati idikire kaye, si bwino kufulumira kufafaniza dzina la malemu. Yasuhiro anali munthu wabwino, koma pamaso pa mayi ake ankafewa ngati mkate wonyowa. Kalatayo inadikira m'dirowa mpaka tsiku lomwe mtima wake unaima ali kuntchito, kumapeto kwa February. Chichokereni tsiku limenelo, Chizuru anali mayi m'nyumba mokha. Pamapepala anali munthu wapadera, ndipo nkhani yoti mwana akhala ndi ndani inali m'manja mwa a Kuramochi ndi khoti loona za mabanja.

Kotone, yemwe tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, sanalire pamaliro. Anangosiya kudya. Ankagwira timitengo todyera, kutembenuza mpunga kawiri katatu, n'kunena kuti wakhuta. Masiketi ake anayamba kuzungulira m'chiuno.

Ndiye maluwa anabwera, monga amabwerera, osafunsa kuti m'nyumba muno muli maliro. Mzinda wonse wa Osaka unapenga. Pa wailesi yakanema ankalengeza tsiku ndi tsiku kuti mitengo ya sakura yamasula bwanji, m'sitima anthu ankanyamula mikeka yabuluu ndi mabokosi a zakudya popita kukaona maluwawo, ndipo ngakhale wogulitsa nsomba wapansi pa nyumba yawo ankafunsa aliyense kuti, "Mwapita kale?" Kwa Chizuru sankafunsa. Aliyense amadziwa kuti masiku 49 asanakwane ofedwa sapita kosangalala, ndipo paguwa pamakhala maluwa oyera okhaokha.

Lolemba m'mawa, tsiku la 34, Kotone anaima pawindo nthawi yaitali.

"Amayi, masiku 49 akwana liti?"

"Pa 15 mwezi wamawa."

"Maluwa adzakhala atagwa."

"Eya, adzakhala atagwa. Tidzapita chaka chamawa."

"Ababa ankati sakura sadikira munthu. Ankati wophonya chaka chimodzi wakalamba pachabe." Anakanda galasi ndi chala. "Chaka chamawa ababa adzakhala kumanda. Pano akadali m'nyumba muno."

Anali mawu ochuluka kuposa onse amene mwanayo analankhula mwezi wonse. Chizuru anayang'ana manja ake owonda aja, nayang'ana paguwa. Ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita, asadzaname munthu kuti anaiwala mwambo. Anaumba mibulu ya mpunga, naika mchere ndi nsomba pakati, nakulunga pansalu.

"Ola limodzi lokha. Ndipo agogo asamve."

M'mbali mwa mtsinje wa Okawa munalibe popondapo. Mitengo inachita kuphimba njira mbali zonse, ndipo pansi pake anthu anayala mikeka mothithikana, nsapato zili ndandanda m'mphepete. Azibambo a m'maofesi anali atamasula kale matayi, nkhope zitafiira ndi mowa dzuwa lisanafike pamutu. Utsi wa nyama yowotcha unali tolotolo. Chizuru, atavala zakuda pakati pa chikhamu chonsecho, ankayenda chowerama ngati wakuba.

Kotone anamukoka mpaka pamtengo wina wokhota pafupi ndi mlatho, pomwe Yasuhiro ankalawirira chaka chilichonse kukagwira malo. Panali patakhala kale anthu ena, gulu la okalamba. Mmodzi wa iwo anawayang'ana zovala, sanafunse kanthu, anangosendeza mkeka wake pang'ono. Chizuru anayala jekete lake pamuzu.

Mwana anadya. Anadya mbulu umodzi, wachiwiri, kenako anatambasula dzanja n'kutenga wa Chizuru. Mphepo itawomba, kaduwa kanagwera m'kapu yake ya tiyi, ndipo anaseka, kaphwete kamodzi kokha. Chizuru anatembenukira kumtsinje n'kulira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'khosi. Panthawi imene ankapukuta maso ndi pomwe Kotone anakwera pamuzu, n'kuthyola kanthambi, n'kukabisa m'chikhotho.

Chizuru anakaona madzulo, kali m'botolo la mkaka pafupi ndi bokosi la mafupa. Kuthyola sakura wa m'paki ndi chinthu chimene ngakhale chidakwa chimachita nacho manyazi, nanji kumuika paguwa la munthu amene sanaikidwe m'manda. Anatambasula dzanja kuti akachotse, koma anamva mwana akulankhula kumbuyo kwake.

"Angoona usiku uno wokha, Amayi."

Anabweza dzanja. Anati adzachotsa m'mawa apongozi asanafike, pakuti wansembe wopempherera malemu ankabwera masana ndipo iwo sankafika nthawi ya 11 isanakwane.

Koma m'mawa mwake anafika 8 koloko, ndipo sanali okha. Anabwera ndi Toshie, mlongo wake wa Yasuhiro, mkazi wa mawu okoma pamaso pa alendo. Chizuru anali akuyanika zovala pakhonde pamene anamva kiyi akutembenuka, pakuti mayi Kuramochi anali ndi kiyi wawowawo. Anathamanga, koma anapeza ataima kale paguwa. Usiku maluwa ena anali atayoyoka, ndipo anali mbwee pansalu yoyera ya bokosi lija.

Mayi aja sanakalipe. Anayatsa lubani, nawerama, napemphera mpaka kumaliza. Kenako anatembenuka.

"Ichi n'chiyani, a Chizuru?"

"Ndalakwa, Amayi."

"Sindinafunse ngati mwalakwa. Ndati ichi n'chiyani?"

"Ndi sakura. Ndinathyola ndine."

"Kuti?"

"Kumtsinje."

"Kumtsinje." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwana wanga mafupa ake sanazizire, inu muli kumaluwa."

Toshie anaika chikwama chake pansi. "Ndinakuuzani, Amayi, inu mumati ndikuwonjezera. Atakhala pajekete pafupi ndi mlatho, akudya, mwana akuseka chikhakhali. Anthu onse akuwaona, zakuda zili m'thupi. Ine ndinachita kubisa nkhope."

Chizuru anadzutsa mutu. "Munationa bwanji, alamu?"

"Mwati chiyani?"

"Ndati munationa bwanji? Munali kuti inuyo?"

Toshie anafiira mpaka m'makutu. "Zimenezo ndi za kuntchito. Abwana akati tonse kumaluwa, ine ndikane? Ndinangokhalapo pang'ono."

"Ndiye kuti tonse tinali komweko. Inu ndi mowa wa abwana, ine ndi mwana amene sanadye mwezi wathunthu. Wamwalirayu ndi mchimwene wanu, mimba imodzi."

"Tseka pakamwa." Mayi Kuramochi anali atasiya tsopano zoti inu ndi a Chizuru. "Za Toshie ndithana nazo ndekha, ndi mwana wanga. Iwe usalowetsepo mlomo pa za a Kuramochi. Unabwera ndi sutikesi imodzi, mwana sunatiberekere, lero ukufuna kutiphunzitsa kulira maliro athu?"

"Sindikuphunzitsa munthu, Amayi. Dzulo wadya mibulu itatu. Itatu. Muyang'aneni manja mwanayo. Ndikanadikira pa 15 mukanadzaika awiri."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Kotone anatuluka atavala zogonera, tsitsi lili nyankhalala.

"Agogo, sanathyole ndi amayi. Ndathyola ndine. Amayi sanaone."

"Mwamva?" anatero Toshie. "Kuba waphunzira, ndipo womulera akunama pamaso pa guwa. Chaka china adzakhala ndani mwana ameneyu?"

Mayi Kuramochi anazula nthambi ija m'botolo, naithyola pawiri, naiponya m'chidebe cha zinyalala. Tinene zoona, mayi aja analinso ndi chisoni chawo, mwana wamwamuna anali yekhayo. Koma pali anthu amene chisoni chikawagwira amafuna wina woti amulume, ndipo iwo anali a mtundu umenewo.

"Kotone, kavale. Ukupita ku Sakai kwa azakhali ako. Toshie, longedza za mwana."

Chizuru anagwada, manja pansi, chipumi n'kugunda pamphasa. "Amayi, ndapota nanu. Ndilangeni ine. Ndichotseni pamwambo wa pa 15, ndisadzafike kumanda, nyumba ino itengeni. Koma mwana ndisiyireni. Sagona magetsi atazima, sadya dzira laliwisi, akadwala safuna kufunsidwa, amafuna ungokhala pambali. Alamu sakuzidziwa zimenezi."

"Adzaphunzira."

"Ndamulera zaka zisanu."

"Ndipo tikuthokoza. Mwagwira ntchito, a Chizuru." Ulemu uja unabwerera, ndipo unapweteka kuposa chipongwe. "Mukadali wamng'ono, mudzakwatiwanso. Ndiye mdzukulu wanga adzakhale m'nyumba ya mwamuna wachilendo, wopanda wake ndi mmodzi yemwe? Chibale ndi fupa. Inu mulibe pepala, mulibe magazi."

"Pepala munaletsa ndinu."

Kuchipinda kunkamveka madirowa akutsegulidwa ndi kumenyetsedwa. Toshie ankalongedza mofulumira, ndipo chodabwitsa n'chakuti chikwama chachikulu chopinda anali atabwera nacho m'chikwama chake chija.

Kotone sanakane. Anavala yekha, nakhala pakhomo, nayamba kumanga zingwe za nsapato. Anamanga imodzi, n'kuima. Apa ndi pomwe analira, koyamba chimwalirireni bambo ake, kulira kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Agogo, ndikanapanda kuthyola, ndikanakhala?"

Toshie anayang'ana foni yake.

"Ndikabweza. Ndikapepesa kwa alonda a m'paki. Sindidzapitanso kumaluwa mpaka kalekale. Agogo, ndi chifukwa cha nthambi ija?"

Chizuru anadzuka. Anaona kuti mwana wamuluza, zimenezo zinali zitatha. Koma anaonanso chimene mwanayo akanyamule kupita nacho ku Sakai, kuti anadzichotsa yekha kwa mayi ake ndi dzanja lake, ndipo adzakula nacho mpaka imvi. Anapukuta nkhope, napita kukaima pakati pa apongozi ake ndi chitseko.

"Muuzeni zoona, Amayi."

"Chokani pakhomo."

"Sindichoka. Itanani apolisi ngati mukufuna, anthu a nyumba ino atuluke onse aone. Mwana mukumutenga, ndilibe mphamvu yokuletsani. Koma satuluka muno ndi bodza limeneli pamutu. Chikwama icho chabwera chopinda kuchokera ku Sakai. Mwafika 8 koloko, wansembe akubwera masana. Muuzeni, pamaso pa mwana wanu ali apoyo."

Mayi Kuramochi anayang'ana paguwa. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa kanthawi anaoneka nkhalamba chabe, yaifupi, yotopa ndi masitepe. Atalankhula, sanayang'ane munthu.

"Si nthambi, Kotone. Makalata a kukhoti tinapereka sabata ya maliro. Sukulu ya ku Sakai tinalankhula nayo kale, ukuyamba pa 8. Ukanathyola, ukanapanda kuthyola, lero unali kupita."

"Wamva?" Chizuru anagwada n'kugwira nkhope ya mwanayo ndi manja awiri. "Wamva bwinobwino? Nena."

"Si ine."

"Nenanso."

"Si ine, Amayi."

"Si iwe. Ndipo dzulo sitinalakwe kanthu. Ukafika uzikadya, wamva? Ngakhale zisakome, uzikadya."

Anamumangira nsapato inayo, pang'onopang'ono, mfundo ziwiri. Toshie anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Kotone anaika manja onse m'matumba, natuluka patsogolo pawo. Mayi Kuramochi anatuluka pomaliza, nakoka chitseko mwamphamvu moti galasi la pawindo linanjenjemera.

Chizuru anatsamira chitsekocho, khutu pathabwa. Mapazi a mwana ankasiyana ndi a akulu aja, ndipo anawamva bwino nsanjika yachitatu, yachiwiri pang'ono. Pa yoyamba sanathenso kuwasiyanitsa.